Anandilumika Chifukwa cha Ng'ombe

Dzanzi linayamba m'nyengo yozizira, chaka chimene ng'ombe yanga inabereka kachiwiri. Kuno kumapiri a Dedza, ukadzuka zala zili gwaa sudandaula, umangoti n'chisanu, n'kukaziwotha pamoto. Nanenso ndinatero. Koma chisanu chimagwira zala zonse, pomwe dzanzi langali linkasankha: chala chachikulu, cholozera, chapakati ndi mbali imodzi ya chinacho, kudzanja lamanja. Kachala kakumapeto kokha ndiye kanali bwinobwino.

Ng'ombeyo ndinailandira kugulu lathu la amayi, kumene timapatsirana ng'ombe zamkaka. Ukalandira thole, n'kulilera mpaka litabereka mwana wamkazi, mwanayo umapereka kwa mnzako amene ali pamzere. Ine pamzerepo ndinadikira mpaka imvi zinayamba kutuluka. Inafika yowonda, yamantha, yamawanga akuda ndi oyera, ndipo ndinailera ndekha. Nsenjere ndinkakadula kudimba, madeya ndinkasakaniza ndi mchere, bere ndinkalitsuka ndi madzi ofunda. Kukama kunali kwanga, m'mawa ndi madzulo. Amuna anga ntchito yawo inali kumangirira chigubu panjinga n'kutsetsereka nacho ku Linthipe, kumene amasonkhanitsa mkaka. Mtima wawo unali kumunda wa mbatatesi ndi nyemba. Ng'ombe ankaitchula kuti "ng'ombe ya amayi", ngati akunena za mlendo amene wakhalitsa pakhomo.

Dzanja linapitirira kuipa. Linkandidzutsa kutulo likuyaka, ine n'kumaligwedeza mpaka litaziziritsa. Makapu anatha kusweka. Singano sindinkaimva. Kumphakati wa tchalitchi chathu, tikamapemphera kolona, ndinkasochera pakati chifukwa zala sizinkamva mikanda, ndiye ndinkangoyang'ana pakamwa pa anzanga kuti ndidziwe pamene tafika. Zonsezi ndikanapirira. Chimene chinandiopsa chinali m'khola: zala zinasiya kutseka bwino pansonga ya bere, kukama kunayamba kutenga nthawi yaitali, ng'ombe n'kumatopa nane, mkaka wina n'kumatsalira mkati. M'mawa wina ndinanyamula ndowa yodzaza, ndipo ndinangoiona ili pansi, mkaka ukuyenderera m'ndowe. Sindinamve n'komwe pamene inachoka m'manja.

Amuna anga anali atanena kangapo kuti, "Mwangoligonera dzanjalo, mayi." Ankaligwira, kulitembenuza uku ndi uku ngati akusankha mbatatesi yambewu, osapezapo chotupa kapena bala. Tsiku la ndowalo sananene za kugonera. Anayang'ana mkaka uli pansiwo, kenaka anayang'ana kuphiri.

"Kuli bambo wina ku Lobi," anatero, "wakhala akufunafuna ng'ombe yamkaka."

"Ndiye akafune kwawo komweko."

"Mayi, alangizi adanena pamaso panu. Ng'ombe yosakamidwa bwino bere limadwala, mkaka n'kumatuluka ndi mafinya. Ikafika pamenepo palibe angaigule. Bola ipite ikadali yabwino."

Ndinawalalatira mpaka nkhuku zinathawa pabwalo. Chimene chinkandipweteka kwambiri n'chakuti sankanama. Ndinaziona ndekha kwa mnzanga wina, ng'ombe yake inauma mbali imodzi ya bere, mapeto ake inakathera kwa opha nyama.

Kuchipatala ndinapita ndekha paminibasi, mkwiyo ndili nawo. Ndinapeza dokotala wamkazi, msinkhu wa mwana wanga woyamba. Ndinkayembekeza kuti nayenso atembenuza dzanja n'kusowapo kanthu, koma iye anangogogoda ndi chala pamfundo, pamene anthu amavalapo wotchi. Ndinadumpha. China chake chinathamanga kuchoka pamenepo mpaka kunsonga za zala. Kenaka anandiuza kuti ndipinde manja onse awiri, misana yake igundane, ndikhale choncho. Posakhalitsa dzanzi lija linabwera lokha, iye akuonerera.

"Mayi, pamfundo apa pali kanjira kopapatiza," anatero. "M'menemo mumadutsa mitsempha yokoka zala, komanso mtsempha umodzi umene umachititsa kuti zalazi zizimva. Dzanja likamagwira ntchito yofinya tsiku ndi tsiku, mkatimo mumatupa, ndiye mtsempha womva uja umapanikizika. Mumagwira ntchito yanji?"

"Ndimakama."

"Eya, ndi zimenezotu."

Anatchula dzina la matendawo m'Chingerezi, koma ine ndinalisiya pakhomo pomwepo. Chimene ndinatenga n'chakuti sindinkanama, matenda analipo ndithu. Anandipatsa mapiritsi ndi chomangira dzanja chokhala ndi kachitsulo mkati, chogona nacho kuti mfundo isamapindike. Anati dzanja lipume milungu ingapo, lisakame, lisadule nsenjere. Anatinso ndikaona mnofu wa pansi pa chala chachikulu ukuphwa, ndibwere msanga, chifukwa pamenepo pamafunika opaleshoni.

"Adokotala, ng'ombe siidziwa Lamulungu," ndinatero.

"Ndiye pakhale wina wokama. Mulibe abambo kunyumba?"

Ndinangoseka. Ndisanatuluke ndinafunsa za kulumika, kuja koyamwa khungu ndi nyanga ya ng'ombe, chifukwa achimwene anga anali atandiuza kale kuti andilumike. Ndinafunsa ndikuyang'ana pansi, kuopa kukalipiridwa.

"Ena amati ululu umachepa, phewa ndi mkono n'kumasuka," anayankha. "Sindingakuletseni. Koma nyanga siikulitsa kanjira kaja, ndiye chomangiracho musachisiye. Chinanso, asakutemeni. Lezala isayandikire dzanja limeneli."

Kunyumba amuna anga chomangira chija anachiyang'ana mwaulemu tsiku limodzi. M'mawa mwake ndowa inali pamalo ake, ikundidikira. Nanenso ndinachivula chomangiracho n'kulowa m'khola, chifukwa ndinkati ndikangosiya kukama, bambo wa ku Lobi uja afika ndi chingwe. Mawu a dokotala anatsala kuchipatala. Pakhomo pano dzanja langa linkaonekabe ngati dzanja la munthu aliyense.

Achimwene anga ndi aakulu kwa ine, ndipo ndiwo mwini mbumba kwathu. Amapha mbuzi pa Chimbiya. Iwo ndi a kudambwe la gule wamkulu, ine wa kutchalitchi, ndipo tinagwirizana kalekale kuti nkhani imeneyo tisamaiyambe. Kulumika adaphunzira kwa malume athu, amene ankalumika anthu odwala mutu ndi msana. Anabwera masana ena, tsiku lopanda msika, anandipeza ndikulimbana ndi mfundo ya thumba la madeya, ndikuimasula ndi mano.

"Iwe, zala zako zapita kuti?"

"Zilipo, achimwene. Zangosiya kumva."

"Tenga mphasa."

Tinakhala kuseri kwa nyumba, pamene pamafika dzuwa koma mphepo siifika. Anatulutsa m'thumba la jekete tinyanga titatu ta ng'ombe, tatifupi, tosalala chifukwa chogwiridwa zaka zambiri, todulidwa kunsonga kuti pakhale kabowo. Anatulutsanso kachibulumwa ka phula ndi lezala yatsopano m'pepala lake.

"Imeneyo bwezani," ndinatero. "Adokotala akana."

"Nanga magazi oipawo atulukira pati?"

"Mulibe magazi oipa. Muli mtsempha wopanikizika."

"Taonani, alamu," achimwene anaitana amuna anga, amene ankasoka thumba pakhonde. "Munthu wangopita kuchipatala kamodzi, wabwerako dokotala."

Tinakangana ndithu. Iwo ankati kulumika kopanda mphini n'kusewera, ine ndinkati ngati ndi choncho atenge tinyanga tawo abwerere ku Chimbiya. Mapeto ake lezala inabwerera m'thumba, akung'ung'udza. Anatsuka tinyangato ndi madzi otentha, ananyowetsa khungu langa, n'kuika kamodzi paphewa lamanja, pafupi ndi khosi. Anayamwa mpweya pakabowo kaja, masaya n'kulowa mkati, kenaka anatseka kabowoko ndi phula limene anali atalisunga m'kamwa. Kanyangako kanagwira kokha, nganganga. Kachiwiri anakaika kumbuyo kwa phewa, kachitatu pamkono, pamnofu wa pansi pa chigongono.

Poyamba zinkapweteka, khungu likukokedwa ngati wina walitsina osasiya. Kenaka panabwera kutentha, kukuyenda pang'onopang'ono kutsika ndi mkono. Phewa limene ndinakhala ndikulinyamula m'mwamba miyezi yonseyo, osadziwa, linatsika lokha. Ndinayamba kusinza pamphasapo. Dzanzi m'zala linalipobe, sindinganame, koma kuwawa kumene kunkakwera mpaka m'khosi kunachepa.

Atachotsa phula, tinyanga tinagwa tokha. Pamalo pake panatsala zidindo zitatu zozungulira, zotupa, zakuda bii. Amuna anga anasiya thumba lija n'kubwera pafupi. Anayang'ana paphewa panga nthawi yaitali, nkhope itasintha.

"Zonsezi zinali mkati?" anafunsa.

Ndinkadziwa kuti kanyanga kotere ukakaika ngakhale pamunthu wabwinobwino chidindo chimatsala. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene, koma achimwene anandiponda chala chakuphazi.

"Alamu," anatero, "munthuyu ndi wanga, inu ndidangokubwerekani. Wolumikidwa sagwira madzi ozizira, sanyamula katundu, safinya kanthu, mpaka zidindozi zitafufutika. Akagwira bere la ng'ombe izi zisanathe, mlandu ndi wanu."

Mpaka lero sindidziwa ngati lamulo limeneli adalimva kwa malume kapena adalipeka pomwepo. Chimene ndikudziwa n'chakuti mkamwini satsutsana ndi mwini mbumba pabwalo la eni ake. Amuna anga anangoti, "Ndamva, alamu." Ndipo zidindo zija zikangoyamba kuzimiririka, achimwene ankatulukira ndi tinyanga tawo n'kuikapo zina.

Madzulo omwewo amuna anga analowa m'khola ndi ndowa, akuyenda ngati munthu wopita kukalipira mlandu. Ng'ombe inawanunkhiza, inapumira m'mwamba, n'kutembenuka. Atangogwira bere, inaponya mwendo, ndowa n'kukagwera kukhoma. Anaimanga miyendo. Inaima chilili, maso ali psuu, mkaka n'kuubisa. Anakoka, anafinya, anatukwana, koma m'ndowa munangogwa timadontho tosakwana n'kapu yomwe. M'mawa mwake chimodzimodzi. Pofika madzulo a tsiku lachiwirilo bere linali litatupa, lolimba, lotentha, ng'ombe ikulira mosalekeza. Ine ndinaima pakhomo la khola dzanja lili m'chomangira, misozi ikutsika, ndipo inali misozi yaukali. Ndinkafuna kuwakankha ndikhalepo ndekha.

"Musayerekeze," anatero osatembenuka. "Alamu andipha. Ndatumiza kale uthenga ku Lobi. Izi sizingatheke."

Ndinalowabe, osati kukakama, koma kuti ndiigwire pakhosi. Itangondimva, inasiya kulira. Inakankha mphuno yake m'chitenje changa, chakale chija chimene ndinkavala pokama pokha, chonunkha mkaka, utsi ndi mafuta opaka kubere. Inachinunkhiza, n'kuyamba kubzikula. Ndinayang'ana chitenjecho, ndinayang'ana amuna anga.

"Bambo, vulani jekete."

"Chifukwa?"

"Valani ichi."

Anandiyang'ana ngati ndapenga. Bambo wa ana akuluakulu, wokhala kutsogolo m'tchalitchi, avale chitenje? Koma ng'ombe inaliranso, kulira kwa ululu, ndipo iwo si munthu wouma mtima. Ndinakasintha, n'kuwabweretsera chitenjecho pamodzi ndi juzi yanga yokamira ndi duku. Anamanga chitenje pamwamba pa buluku, mfundo yake yolakwika, juzi inakana kutseka pamimba. Duku anakana, koma ine ndinati ng'ombe imanunkhiza mutu wa wokama, chifukwa umatsamira pamimba pake. Anavala.

Ndinaima kumutu kwa ng'ombe, ndikuikanda ndi dzanja lamanzere, n'kuyamba kuimba pansipansi nyimbo ya Amayi Maria imene ndimaimba nthawi zonse pokama. Ndinawauza kuti asakoke, atseke kaye kumtunda ndi chala chachikulu ndi cholozera, kenaka zala zinazo zitsatire chimodzichimodzi. Ng'ombe inatembenuza khosi, inanunkhiza juzi, inanunkhiza duku. Inaima kanthawi ikuganiza. Kenaka ndinamva tsiii, tsiii, m'ndowa, poyamba mowonda, kenaka mwamphamvu, thovu n'kuyamba kukwera. Ndinakhala pansi pomwepo, pandowe, osasamala.

Khola lathu lili m'mbali mwa njira yopita kumjigo. M'mawa mwake amayi awiri anadutsa ndi zidebe, anasuzumira kuti andipatse moni, n'kupeza ndevu pansi pa duku. Dzuwa lisanafike pamutu mudzi wonse unali utamva. Kubawo anzawo anayamba kuwafunsa ngati alowa gulu la amayi, ndiponso ngati chitenje chachikondwerero adagula kale. Ankabwerako atakwiya, koma nthawi yokama ikakwana ankavala zovala zija n'kulowa m'khola. Za ku Lobi sanazitchulenso, ndipo ine ndinkaopa kufunsa. Ndinkati manyazi amenewa tsiku lina adzawakwana, adzati ng'ombe ipite.

Milungu inapita. Chomangira ndinkagona nacho mokhulupirika, achimwene ankabwera ndi tinyanga, ine ntchito yanga inali kuimba ndi kulamula. Tsiku lina ndinadzuka kunja kutayera, ndipo ndinadabwa kuti dzanja silinandidzutse. Kumphakati ndinapezeka ndafika kumapeto kwa kolona pamodzi ndi anzanga, mkanda uliwonse ndikuumva. Nditabwerera kuchipatala, dokotala uja anagogodanso pamfundo. Kunathamangabe kanthu, koma kochepa. Anafinya mnofu wa pansi pa chala chachikulu, anati uli bwino, za opaleshoni tiziike pambali kaye. Anati ndikhoza kuyambanso kukama pang'ono, kamodzi patsiku, mfundo ili yowongoka, ndipo dzanzi likabwerera ndisachedwe. Anaona zidindo paphewa, anamwetulira.

"Ndiye chathandiza n'chiti, adokotala?" ndinafunsa.

"Ine ndinganene kuti kupuma ndi chomangira. Nyanga mwina inakuchepetserani ululu. Kodi amene wakhala akukama ndani?"

Nditamuuza, anaseka mpaka anagwira tebulo. Achimwene ndiye amati zonse ndi tinyanga tawo, ndipo akuti ndikanalola mphini ndikanachira sabata imodzi. Ine sinditsutsana ndi aliyense. Ndimangodziwa kuti kupuma kumene dokotala analamula sindikanakupeza popanda zidindo zija.

Bambo wa ku Lobi anafika m'mawa wina wa nkhungu, ine nditaiwalako pang'ono. Ndinali kuseri kwa khola, ndikuthira madeya m'chodyera, pamene ndinamva "Odi!" wa mawu achilendo. Nditasuzumira pakati pa mitengo ya khola ndinaona munthu wamtali, wa jombo, chingwe chatsopano chili paphewa.  Uthenga wa amuna anga wa ku Lobi uja sunabwezedwe. Ndinaganiza zotuluka ndimuthamangitse, koma ndinkafunanso kumva ndi makutu anga chimene amuna anga anene.

Munthuyo anafika pakhomo la khola. Anaona msana wa juzi, chitenje ndi duku, mutu utatsamira pamimba pa ng'ombe.

"Mwadzuka bwanji, amayi? Abambo alipo? Ndabwera za ng'ombe ija."

Kukama sikunaime. Tsiii, tsiii. Kenaka duku linatembenuka pang'onopang'ono.

"Abambo ake ndine."

Mlendoyo anabwerera m'mbuyo, anavula chipewa, anachivalanso. Anayang'ana ng'ombe, chifukwa kwina kunali kovuta kuyang'anako.

"Pepani, bambo. Ndinalandira uthenga wanu, koma ndinachedwa ndi maliro. Ndi imeneyi? Yaoneka bwino."

"Ndi imeneyi. Mwavutika ndi ulendo, ndipo kulakwa n'kwanga, ndikanakutumizirani mawu. Ng'ombe yathuyi sitikugulitsa."

"Mwina tikambirane mtengo."

"Ayi, bambo. Mwaona nokha mmene ndavalira. Munthu sungavale chonchi chifukwa cha ng'ombe ya eni ake. Taimani pambali pang'ono, siikonda alendo, ingandibisire mkaka."

Ndinakhala pathumba la madeya, manja onse awiri ali pakamwa, ndikuseka ndi kulira nthawi imodzi, mopanda phokoso kuti asandimve. Mlendoyo tinamupatsa tiyi wamkaka, anamwa makapu awiri, n'kubwerera ndi chingwe chake. Atapita, amuna anga anatuluka m'khola ndi ndowa yodzaza, anaiika pansi, anavula duku n'kupukutira thukuta.

"Mayi," anatero, "madzulo mukama ndinu, m'mawa ndine. Koma mundigulire chitenje changa. Ichi n'chachifupi."